Wailesi ya Boti la Awatef

Boti langa linali lalitali ngati mkono wa munthu wamkulu, kuchokera paphewa mpaka kunsonga ya zala. Linali chifanizo cha boti lokoka sitima limene ndinkagwirapo ntchito mu ngalande yaikulu yodutsamo sitima ndisanapume. Ndinalipangira patebulo la kukhitchini. Matabwa ake ndinawazula ku ngalawa ya apongozi anga, imene inkaola kuseri kwa nyumba yawo iwo atamwalira. Timipira tachingwe ta m'mbali, totchinjiriza boti likamagunda doko, analuka ndi mkazi wanga Awatef chaka chimene anadwala. Atapita, ndinalemba dzina lake kutsogolo kwa botilo ndi penti yoyera.

Pa arubaini yake, mwambo wa tsiku la makumi anayi chimwalirire, anthu akumwa khofi, mlongo wake Gharib anandikokera pakhonde.

"Alamu, nkhani ya boti lija. Matabwa ndi a bambo anga. Zoluka ndi za mlongo wanga. Chanu pamenepo ndi guluu basi. Libwere kwathu."

Ndinati, "Ayi."

Anadikira mawu ena. Panalibe. Anaseka pang'ono, n'kundisisita paphewa, n'kubwerera kwa alendo. Sanaitchulenso nkhaniyo.

Lachisanu lililonse tikatuluka mu mzikiti timakumana pa kadoko ka simenti m'mbali mwa nyanja ya Timsah, madoda a timaboti toyendetsa ndi wailesi ya m'manja. Wina amabwera ndi ketulo, wina ndi nyemba zamchere m'pepala. Mkulu wa gulu ndi Dokotala Adli, amene anakalamba akuzula anthu mano. Gharib ndiye mwini phokoso. Maboti ake ndi apulasitiki, amalira ngati udzudzu, ndipo mosachedwa batire limakhala latha. Nthawi yotsalayo amaithera pa anthu.

Mwambo wathu wakale unali wa zopanira zovala. Mawailesi akale anali ndi njira zochepa zolankhulira, ndipo awiri akalankhula pa njira imodzi, boti limamva onse n'kupenga. Choncho panali thabwa lokhala ndi zopanira zopakidwa penti, mtundu uliwonse njira yake. Wopanda chopanira sayatsa wailesi. Changa chinali chachikasu. Kunsonga ya eliyo yanga, yaitali ngati ndodo yowedzera, kunali kansalu kachikasu kamene Awatef anadula ku mpango wake.

Lamulo lachiwiri linali lolimba kuposa loyambalo. Wailesi ya m'manja imayatsidwa poyamba, imazimitsidwa pomaliza. Ukaizimitsa boti lili chiyakire, botilo limatola mawu alionse a mumlengalenga n'kuthawa nawo. Ndinaonapo boti la munthu likudziphwanya pasimenti chifukwa cha zimenezo. Lamulo limeneli linandilowa m'zala.

Anzanga anagula mawailesi atsopano, a eliyo yaifupi ngati chala, osafuna chopanira. Pathabwa paja panatsala fumbi ndi chopanira changa. Ndinkachitengabe pofika, n'kuchibwezera pochoka.

"Taonani a Chete akupempha chilolezo kwa thabwa," ankatero Gharib. A Chete ndi dzina limene anandipatsa, ndipo linagwira. "Lavomera, alamu? Kapena nalonso lati ayi?"

Lachisanu lina m'nyengo ya mango, banja lina linayala mkeka pa udzu kumbuyo kwathu. Anali ndi kagalimoto koseweretsa koyendera wailesi. Njira yake inali yachikasu, koma iwo za thabwa lathu akanadziwira kuti? Boti langa linanjenjemera, n'kutembenuka lokha, n'kukagunda boti latsopano la a Dokotala, loyera, la matanga. Linalisiyira mzere wakuda m'nthiti.

A Dokotala analitulutsa m'madzi, n'kuuyang'anitsitsa mzerewo nthawi yaitali, mutu uli chopendekera.

"A Sobhi," anatero kwa ine, "dzino likaola timazula. Sitilipempherera."

Anafunsa gulu. Manja anakwera onse, la Gharib poyamba. Wailesi yakale isayatsidwenso pa doko lino. Thabwa lija analiponya kumbuyo kwa galimoto. Gharib anatola chopanira changa pansi, n'kuchipana pa kolala ya malaya anga.

"Sungani, alamu. Ndimati mupane nacho pakamwa, koma ndakumbuka kuti mpotseka kale."

Ndinkabwerabe. Ndinkakhala pampando wanga, boti lili pamiyendo, ndikuonera anzanga. Ndikanakhala choncho mpaka kufa. Koma matabwa a ngalawa sakondwa akauma. Dzuwa la chaka chimenecho linali loopsa, ndipo tsiku lina m'mawa ndinapeza kamng'alu pansi pa boti, kopyapyala ngati tsitsi. Ndinakatseka. Kenako ndinavala nsapato n'kupita kwa Milad kukagula wailesi yatsopano.

Milad ali ndi kasitolo pafupi ndi siteshoni. Kutsogolo amagulitsa mababu ndi zotchajira mafoni, kumbuyo ndiye kuli zathu. Ndi munthu wolankhula kwambiri, koma alibe njiru. Anayala mawailesi atatu pagalasi.

"Iyi yooneka ngati mfuti, yokhala ndi gudumu pambali, ndi ya othamanga ngati alamu anu. Inu simungaikonde. Iyi ya galasi lowala ndi mabatani ambirimbiri ndi ya ndege. Mungalowe nayo m'manda musanaimvetse. Boti lanu limachita zinthu zingati?"

"Kuyenda. Kukhota. Kulira."

"Basi, iyi ikukwanirani."

Inali yakuda, ya tindodo tiwiri, yopepuka ngati mulibe kanthu. Ndinagwiranso ya ndege ija. Kandodo kake ka injini kankakhala pomwe wakasiya. Ka yakudayi ndikakakankha n'kukasiya, kankabwerera kokha pakati. Kutsogolo n'kuyenda, kumbuyo n'kubwerera, pakati n'kuima. Ndinakakankha kangapo. Kankabwerera ndithu.

"Iyi," ndinatero.

Milad anatulutsa kabokosi kolandira mawu, kolowa m'boti, kakang'ono ngati bokosi la machesi.

"Tsopano mverani, bambo, chifukwa izi si zija zanu. Choyamba, ka eliyo ka kabokosika kakhale pamwamba pa madzi. Chachiwiri, mafunde a wailesi iyi amayenda ngati diso. Chimene inu simukuchiona, nayo siikuchiona. Chachitatu ndi ukwati."

Ndinamuyang'ana.

"Timatero ife. Ya m'manja ndi ka m'boti muyenera kuzikwatitsa kamodzi. Zikakwatirana sizimveranso wina, ndiye chifukwa chake zopanira zinatha ntchito. Koma pa nthawi ya ukwatiyo kabokosi kamaloweza pamene kandodo kali. Tsiku limene kadzasiye kumva mwamuna wake, kadzachita zimene kanaloweza tsiku la ukwatilo. Ndiye kandodo kakhale pakati. Mwamva? Pakati. Likasiya kumva, boti liime. Mukamaliza muyese. Boti lili pa choimikira, zimitsani ya m'manja. Pulopela ikangokhala chete, zili bwino."

"Kuzimitsa boti lili chiyakire?"

"Eya. Lamulo lanu lija linafa. Kapena ingobweretsani botilo, ndikuchitireni pompano. Tiyi akamazizira ndidzakhala nditamaliza."

"Ayi."

M'boti limenelo simunalowepo dzanja lina kupatula langa ndi la Awatef.

Kunyumba ndinamanga kabokosi kaja pansi pa denga la boti, ka eliyo kake ndinakabisa mu chumuni. Mawaya ndinalumikiza bwino. Batire lalikulu ndinalidzaza. Panatsala ukwati. Kabatani ka pa kabokosi kanali mkati, koyenera kukadina ndi kamtengo ka machesi uku ukulumikiza batire, ndipo nthawi yomweyo wina ayatse ya m'manja atadina batani lake. Ndinayesa ndi chibwano. Ndinayesa ndi chigongono. Pankafunika dzanja lachitatu. Kale dzanja limenelo linkakhala tsidya la tebulo, likuluka. Ine sindigogoda pa zitseko za anthu.

Lachisanu ndinanyamula zonse kupita nazo kudoko, ndikuti ndipemphe a Dokotala. Gharib ndiye anayamba kuliona bokosi.

"Abale, abale! A Chete agula yatsopano! Mwakwatitsa kale, alamu?"

Ndinapukusa mutu.

"Ndiye ukwati ndi lero! Thirani tiyi! Mkwati wafika, angotsala pang'ono kumwetulira!"

Anaika dzanja pakamwa n'kuimba nthungululu ngati mkazi. Madoda anaseka mpaka kutsokomola. Wina anayamba kuwomba ketulo ngati ng'oma.

"Nkhoswe ndine," anatero Gharib. "Musaope, boti sindilikhudza, ndikudziwa kuti n'lopatulika. Ine ndingogwira ya m'manjayi. Pa ukwati wanu woyamba ndinasaina ndine, uno ungandikanike?"

Ndinayang'ana a Dokotala. Anali atatanganidwa ndi zingwe za matanga awo. Wailesi inali kale m'manja mwa Gharib.

"Pakati," ndinatero.

"Pakati penipeni. Si apa kamabwerera kokha? Taonani." Anakakankha kandodo n'kukasiya. Kanabwerera. "Ngakhale mwana sangalakwitse."

Ndinavala magalasi, n'kugwada pasimenti, n'kulowetsa nkhope m'boti. Ndinadina kabatani, n'kulumikiza batire. Kanyale kofiira kanayamba kuphethira.

"Yatsani."

"Ndayatsa, alamu."

Kumbuyo kwanga kunali zii. Wowomba ketulo uja anasiya. Wina anatsamwa ndi tiyi, wina n'kumuuza kuti shii. Ndinaganiza kuti akupereka ulemu pa ntchito yovuta. Kanyale kanasiya kuphethira, n'kukhala kobiriwira. Nditadzutsa mutu, Gharib anandipatsa wailesi ndi manja awiri ngati mphatso, kandodo kali pakati. A Dokotala ankayang'ana kunyanja. Enawo ankayang'ana m'makapu mwawo.

Ndinayesa boti lili pa choimikira. Kutsogolo, pulopela inazungulira. Kumbuyo, inabwerera. Chiwongolero chinkamvera mbali zonse. Hutala inalira bwino, mawu aakulu osayenera kathupi kotero. Chala changa chachikulu chinapita pa swichi. Ndinakumbuka mawu a Milad. Chalacho chinaima pomwepo. Zaka zonse zija chinali chisanachitepo zimenezo, ndipo ndinkachinyengerera.

"Zimitsani muyese, alamu," anatero Gharib mokweza. "Ndi mmene amachitira masiku ano. Ndikukupemphani ine, Gharib. Zimitsani."

Ndinachotsa chala.

"Ayi."

Anatembenukira ku gulu, manja ali m'mwamba. "Mwamva nonse? A Dokotala, mwamva? Ndawauza ine."

Ndinaliika pamadzi. Linakhala bwino, mzere wofiira uli pomwe madzi amayenera kufika. Ndinakankha kandodo pang'ono ndipo linanyamuka mwaulemu, likukankha kafunde ndi chifuwa, timipira ta Awatef tikugwedezeka m'mbali. Sindinalionepo likumvera chonchi. Wailesi yakale ija inkalinjenjemeretsa, koma iyi ayi. Ndinazungulira nalo pafupi ndi doko, ndinalibweza chambuyo, ndinaliimika pambali pa masitepe osakhudza simenti. Ndinamva mapewa anga akutsika kwa nthawi yoyamba chiyambire nyengo ya mango.

Kutsogolo kwa doko lathu kuli chipantoni chachitsulo, chadzimbiri, chachitali, chimene chinamangidwa pamenepo kalekale n'kuiwalika. Ulendo wanga wa Lachisanu lililonse unali wozungulira kuseri kwake. Boti limalowa kumanja, limabisika, limatulukira kumanzere. Awatef ankakhala pakhoma, atatsekera dzuwa ndi dzanja, akudikira. Mphuno ya boti ikangotulukira ankati, "Wabwera." Ankatero ngati linachokera kutali.

Ndinkadziwa zimene Milad ananena za diso. Ndinawerengera kuti likasiya kumva lingoima, ndipo kamphepo kamene kamaomba kuchokera kumanja kalitulutsa kokha. Palibe anandikakamiza. Ndinaliloza kunsonga ya chipantoni, n'kuyamba kulikhotetsa. Mphuno inali ikulozabe kunyanja pamene chitsulo chinalibisa.

Nthawi yomweyo kuseriko kunamveka injini ikukwera mawu. Sindinali ine. Kandodo kanali pafupi ndi pakati. Ndinakasiya. Injini inalirabe, mwamphamvu zake zonse, ndipo mawuwo ankachepa. Ndinakakokera kumbuyo. Ndinakhotetsa kumanzere. Palibe chinasintha.

Tonse tinayang'ana kumanzere kwa chipantoni. Panali madzi okha.

Gharib anakhala pakhoma, n'kutsekera dzuwa ndi dzanja, n'kupyapyalitsa mawu.

"Wabwera?"

Wina anaseka, kenako onse.

Ndinathamangira kumanja kuti ndione kuseri kwa chitsulocho, koma kumeneko kuli mpanda wa waya wa kalabu ya anthu ena. Ndinabwerera, n'kudutsa pakati pa mipando, kupita kumanzere. Mawondo anga si othamangira. Mmodzi mwa madoda anakwera padenga la galimoto.

"Ilo! Ilo uko! Likupita kwa asitima!"

Ndinaliona. Linali litapitirira kale chipantoni, kadontho kakuda kokhala ndi kamchira koyera, likuyenda mowongoka kulunjika ku zizindikiro zimene sitima zazikulu zimadutsa pakati pake. Batire ndinali nditalidzaza ndekha. Limatha tsiku lonse.

Ndinatsika masitepe n'kulowa m'madzi ndi nsapato. Madzi anafika m'mawondo, m'chiuno, pachifuwa. Matope ankandigwira mapazi. Wailesi ndinaikweza pamwamba pa mutu ndi manja onse awiri kuti ione bwino, ndikukokera kandodo kumbuyo. Kumtunda ndinkamva nsapato zikuthamanga pasimenti.

"Jambulani! Jambulani!"

"A Chete akubatizidwa!"

"Kwezani kwambiri, alamu! Imirirani pa zala!"

Ndinadina batani la hutala. Ndinadinanso. Kachitatu, kutali kwambiri, inayankha, kamawu kochepa ngati ka mwana wa mbuzi. Kamchira koyera kaja kanazima. Linandimva. Ndinakhotetsa chiwongolero, mphuno inayamba kutembenuka pang'ono. Ndinaponda patsogolo kuti ndiyandikire, phazi linapeza dzenje, madzi anandilowa m'kamwa, manja anatsika. Nditaimanso bwino, kamchira kaja kanali katabwerera. Hutala sinayankhenso.

Magalasi anga anatsala m'dzenjemo. Kuchokera pamenepo ndinkangoona kuwala kwa madzi, ndi chinthu chachikulu chotuwa chikuyenda pang'onopang'ono kuchokera kumpoto. Inali sitima ya makontena. Funde la sitima yotero ndimalidziwa. Ndinagwira ntchito pambali pake moyo wanga wonse.

Zotsalazo ndinazimva kwa Gharib. Anatenga magalasi oonera patali a a Dokotala, n'kuima pakhoma, n'kuyamba kuulutsa ngati mpira wa pawailesi.

"Okondedwa omvera, Awatef akulowa m'bwalo! Sakuopa munthu! Sitima yadutsa, funde loyamba ilo likubwera. Wakwera! Wakwera, abale! Taonani mtima! Lachiwiri ilo, lalikulu. Wapendekeka. Wadzuka! Ayi, wagonanso. Ndikuona kofiira kwa pansi pake. Omvera, ndikuona kofiira. Basi. Mpira watha."

Pansi pa botilo ndinaikamo mtovu kuti lizikhala bwino pamadzi. Silikanayandama.

Palibe anawomba m'manja. Pamene ndinkatuluka, kuseka kunali kutatha, ndipo mafoni anali akubwerera m'matumba. Madzi ankatuluka m'nsapato zanga. A Dokotala anandipatsa thaulo limene amapukutira boti lawo.

"Pepani, a Sobhi. Zoterezi zimachitika. Milad ali ndi apulasitiki abwino, ongotulutsa m'bokosi. Amenewo samira."

Ndinawadutsa n'kukaima pamaso pa Gharib.

"Pakati," ndinatero.

"Dzanja linaterereka, alamu. Ukalamba. Komanso ndinakuuzani kuti muyese. Onsewa ndi mboni."

"Kamabwerera kokha."

Anandiyang'ana. Nkhope ya nthabwala ija inachoka, ndipo inatsala nkhope yofanana ndi ya mlongo wake, makamaka m'maso. Analankhula motsitsa, koma onse anamva.

"Mukudziwa chifukwa chake ankaluka timipira tija, zala zitatupa ngati masoseji? Anandiuza ine. Ankati, ndikamaliza kamodzi amadzutsa mutu n'kundiyang'ana. Amati kakula, kapena kakwana. Mawu amodzi pa tsiku, alamu, ndipo ankawagula ndi zala zake. Inu msana uli kwa iye, mukupala thabwa. Matabwa abwerera kumene bambo ankawedza. Mlongo wanga mwamuona mmene wachokera, osacheuka. Inu khalani ndi guluu wanu."

Zimene ine ndi Awatef tinkauzana patebulo lija si za padoko. Ndinapinda mpando wanga, ndinatenga choimikira boti, ndinakwera basi ndili chinyowere. Kondakitala anandiimika pafupi ndi chitseko.

Nditafika kunyumba ndinaika choimikira pamalo pake patebulo. Wailesi ndinaiika pambali pake. Kanyale kake kobiriwira kanali kakuyakabe. Chala chinapita pa swichi n'kubwerera. Ya m'manja imazimitsidwa pomaliza, boti likatuluka m'madzi n'kuzimitsidwa. Ndinailumikiza ku magetsi ili chiyakire. Ndinamasula kansalu kachikasu ku eliyo yakale ija n'kukamanga pa yaifupiyi. Kanazungulira kawiri n'kutsalako.

Lachisanu lotsatira ndinapita. Ndinatambasula mpando wanga pambali pa wa Gharib, mapewa athu kutsala pang'ono kukhudzana. Ndinakhala, wailesi ili pamiyendo, ka eliyo kataloza kunyanja.

Anaseka. "Abale, a Chete akuyendetsa boti losaoneka! Samalani lingakugundeni!"

Ena anasekako. Sabata yotsatira anabwereza nthabwala yomweyo, ndipo anaseka yekha. Anasamutsira mpando wake kumapeto kwa doko. Ndinanyamula wanga n'kumutsatira. Sindimuyang'ana, sindimulankhula. Akaimirira kuti ayendetse boti lake, ndimaimirira pambali pake. Kanyale kobiriwira kamakhala m'mbali mwa diso lake. Wagundapo kale masitepe kawiri, munthu amene sankagunda. Madoda ena anayamba kukhala patali nafe. Tiyi amatibweretsera n'kuchoka msanga. A Dokotala anandikokera pambali n'kundiuza kuti ndikuwononga Lachisanu la anthu. Ndinawafunsa lamulo limene ndaswa. Wailesi yanga ndi yatsopano.

Nyengo ya mango inatha, mphepo yozizira inayamba. Dzulo Gharib sanatulutse n'komwe boti lake m'chikwama. Anakhala, manja ali pakati pa mawondo, akuyang'ana chipantoni.

"Zimitsani chinthu chimenecho, alamu."

"Ayi."

"Linamira. Lili pansi pa matope. Ndinaona ndi maso angawa."

"Ine sindinaone."

"Mukufuna chiyani? Ndikupepeseni? Sindipepesa. Ndikupangireni lina? Nenani, bambo inu, nenani kanthu!"

Ndinakweza wailesi pang'ono n'kudina batani la hutala. Gharib anatseka pakamwa, n'kutembenuzira khutu kunyanja.